Galimoto Ikakana Kulira

1. Moto wosaoneka

Mwana aliyense wa kumudzi adziwa galimoto. Aiona ilikupita pamsewu, itasenza matumba a chimanga, mabelo a fodya ndi anthu a paulendo. M'dzina lake lomwe mumveka mawu akuti "moto," ndipo nzoonadi kuti m'kati mwake muyaka moto. Koma moto umenewo suoneka ndi maso, pakuti uyaka m'zipinda zachitsulo zotsekeka, m'chinthu chija chitchedwa injini.

Masiku ambiri woyendetsa angotembenuza kiyi, injini nilira, ulendo nuyambika. Koma lilipo tsiku lina limene atembenuza kiyi, galimoto nikhala chete, kapena ingotsokomola ngati nkhalamba, osalira. Pamenepo mpamene azindikirika woyendetsa wanzeru ndi wopanda nzeru. Wopanda nzeru apsa mtima, amenya chitsulo, namasula ichi ndi icho, osadziwa chimene alikufuna. Wanzeru ayamba wamvetsera, nafunafuna chovuta mwa dongosolo, kuyambira pa zapafupi kufikira pa zovuta. Phunziro ili lifotokoza dongosolo limenelo.

2. Mafuwa atatu

Mphika sukhazikika pa mafuwa awiri, ufuna atatu. Momwemonso injini ya petulo ifuna zinthu zitatu kuti ilire, ndizo petulo, mpweya wopanikizidwa, ndi mbaliwali ya moto yoyatsira.

M'injini muli maenje akuya osalala otchedwa masilinda, ndipo galimoto zazing'ono zambiri zili nawo 4. M'silinda iliyonse muli chitsulo chokwera ndi kutsika ngati munsi mumtondo, dzina lake pisitoni. Pisitoni igwira ntchito yake m'maulendo anayi. Ulendo woyamba itsika, niyamwa mpweya wosakanizika ndi petulo. Ulendo wachiwiri ikwera, nipanikiza mpweyawo pa malo ochepa. Pamenepo pulagi, imene ikhala pamwamba pa silinda, itulutsa mbaliwali. Mpweya ndi petulo ziphulika, nizikankha pisitoni pansi ndi mphamvu yaikulu. Umenewo ndiwo ulendo wachitatu, ndipo ndiwo wokha upereka mphamvu yoyendetsa mawilo. Ulendo wachinayi pisitoni ikweranso, nitulutsa utsi kunja. Injini ya maulendo anayi otere anaikonza Nikolaus Otto ku Germany m'chaka cha 1876, ndipo m'chaka cha 1886 Karl Benz, wa dziko lomwelo, analandira kalata ya boma yotsimikiza kuti galimoto yake ya mawilo atatu inali nzeru yake.

Petulo safunika wambiri. Poyesa kulemera kwake, mpweya uyenera kuposa petulo pafupifupi ka 15. Petulo akachepa, moto suyaka. Akachulukitsa, moto uzima, monga nkhuni zounjika kwambiri zizimitsa moto pamafuwa.

Tsono injini yoima singathe kudziyamba yokha; ifuna china choyamba kuizunguza. Kale anthu anaipukusa ndi manja, ndi chitsulo chopindika chotchedwa handulo, chimene analowetsa kutsogolo kwa galimoto. Inali ntchito yoopsa, popeza nthawi zina injini inabweza handulo, nithyola mkono wa mwini wake. M'chaka cha 1912 galimoto za Cadillac ku America zinayamba kutuluka ndi makina a magetsi ozunguza injini, amene anakonza Charles Kettering. Makinawo atchedwa sitata. Sitata itenga mphamvu yake ku batire, ndilo bokosi lolemera la mtovu ndi asidi. Batire la mtundu umenewu analipanga poyamba Gaston Planté ku France m'chaka cha 1859. La galimoto yaing'ono lili ndi zipinda 6, chilichonse chopereka mavoti 2 ndi pang'ono. Lodzala bwino lifika pa mavoti 12.6.

Kotero galimoto ikakana kulira, chovuta chili pa chimodzi cha zinthu izi: kapena pa chozunguza, kapena pa limodzi la mafuwa atatu aja.

3. M'mawa wina wa chisanu

M'mudzi wina wa m'mapiri a ku Dedza munali munthu wachikulire, mwini galimoto yakale imene ananyamulira mbatata ya kachewere kunka nayo kumsika. Iye anakhala ndi mnyamata, mwana wa mlongo wake, amene analikumphunzitsa ntchito. Usiku wina wa mwezi wa Julayi kunagwa nkhungu ndi mvula ya mawawa, ndipo kunazizira kwambiri. Atalira tambala woyamba, mayi wina anafika pakhomo, mwana ali kumbuyo, nati, "Odi, bambo, ndithandizeni. Mwanayu watentha thupi usiku wonse, ndipo tsopano wayamba kukomoka." Chipatala chinali kutali, ndipo m'mudzimo munalibe galimoto ina.

Mnyamata uja anathamanga, nalowa m'galimoto, naponda chopondera cha petulo kambirimbiri, natembenuza kiyi. Galimoto inangoti kha! nikhala chete. Anayesanso, koma zinali zomwezo. Anthu anayamba kusonkhana. Wina anati, "Tiikankhe." Wina anati, "Injini yafa imeneyo." Winanso ananong'ona kuti alipo munthu waichita chipongwe usiku.

Mwini galimoto anati, "Taimani, abale anga. Njira ya pano itsetserekera kudambo, ndipo kuli matope. Tikaikankhira kumeneko, nikana kulira, adzaikweza ndani?" Ndipo anafunsa mnyamatayo, "Mwana wanga, wamva chiyani?"

Iye anayankha, "Sindinamve kanthu, malume. Yangoti kha! basi."

"Kha! ameneyo ndi mawu," anatero mkuluyo. "Galimoto yanena pamene palikupweteka. Yatsa nyali, utembenuzenso kiyi."

Nyali zinayaka mofooka, ndipo potembenuza kiyi zinazimiratu. Mkuluyo anati, "Waona? Magetsi salikufika okwanira. Kapena batire latha mphamvu, kapena njira yake yatsekeka."

Anatsegula boneti, naunika ndi tochi. Pa mitu iwiri ya batire panali zoyera zobiriwira ngati phulusa, ndipo chomangira cha waya mmodzi chinali kugwedezeka pochigwira ndi dzanja. Mkuluyo anatuma mnyamata kukatenga madzi ofunda ndi soda wophikira. Anatenga sipanala, nayamba kumasula waya wa pa mutu wolembedwa chizindikiro cha kuchotsera, pambuyo pake wa chizindikiro cha kuphatikiza. Anatero chifukwa waya wa kuchotsera ulumikizana ndi thupi lonse la galimoto. Ukakhala wosamasula, sipanala nikhudza mutu wa kuphatikiza ndi thupilo nthawi imodzi, pathetheka moto woopsa. Anatsuka mituyo, naipala ndi mpeni kufikira mtovu unawala, nabwezera mawaya, kuyambira wa kuphatikiza, namanga zolimba.

Mnyamata anatembenuza kiyi. Tsopano injini inazungulira ndi mphamvu, koma sinalire. Mayi uja anayamba kulira misozi, ndipo anthu anabwerezanso mawu awo akuti, "Tiikankhe." Mkuluyo anati, "Mayi, limbani mtima. Kuona maso a nkhono nkudekha. Chozunguza chachira, tsopano tifunse mafuwa atatu, limodzi limodzi."

Anayamba ndi petulo. Galimoto zakale zili ndi chiwiya chosakaniza petulo ndi mpweya, chotchedwa kabureta. Iye anachotsa sefa ya mpweya imene ikhala pamwamba pake, nasuzumira pakhosi pa kabureta, nakankha kachitsulo kolumikizana ndi chopondera. Petulo anatumpha pang'ono, ndipo fungo lake linamveka kwambiri. Anati, "Petulo alipo, ndipo wachuluka, chifukwa unaponda kambiri, mwana wanga."

Za fuwa lachiwiri anaziweruza ndi khutu. Injini inali kuzungulira molemera ndi mofanana, monga amayi awiri osinja mtondo umodzi mosaphonya. Pamenepo anadziwa kuti mapisitoni alikupanikiza mpweya bwino.

Linatsala fuwa lachitatu. Anamasula pulagi imodzi, naipeza yakuda ndi yonyowa ndi petulo. Anailumikizanso ku waya wake, naigoneka pa chitsulo cha injini kutali ndi kabureta, nachotsa dzanja lake, nauza mnyamata atembenuze kiyi. Mbaliwali sinaoneke. Tsono anatsata mawaya a mapulagi kubwerera kumene achokera, nafika pa kachiwiya kogawira magetsi ku pulagi iliyonse pa nthawi yake, kotchedwa disitiributa. Atatsegula chivundikiro chake, anaona timadontho ta madzi ngati mame a pa udzu. Nkhungu ya usiku inalowamo, ndipo magetsi analikuthawira m'madzimo, osafika ku mapulagi. Anapukuta ndi nsalu youma, naumitsanso mapulagi onse. Poyesanso, mbaliwali inathetheka yowala bwino, niti tse! tse! tse!

Anabwezera zonse, waya uliwonse pa pulagi yake. Ndipo popeza petulo anali atachuluka m'masilinda, mkuluyo anaponda chopondera kufikira pansi, osachisiya, kuti mpweya wambiri ulowe, natembenuza kiyi. Injini inatsokomola kawiri, nilira.

Anafika kuchipatala dzuwa litangotuluka. Anamwino anapeza kuti mwanayo anali ndi malungo aakulu, nampatsa mankhwala, ndipo atapita masiku owerengeka anabwerera kumudzi ali moyo. Mwini galimoto sanagule chitsulo chatsopano ngakhale chimodzi. Zida zake zinali sipanala, mpeni, madzi ofunda, soda ndi nsalu youma.

4. Mawu anayi a galimoto yodwala

Pobwerera kumudzi mkuluyo anaphunzitsa mnyamata kuti galimoto yokana kulira ili ndi mawu anayi, ndipo mawu alionse aloza malo ake.

Oyamba ndiwo kukhala chete, kapena kungoti kha! Pamenepo woyendetsa ayatse nyali. Zikazima potembenuza kiyi, chovuta chili pa batire kapena pa mitu yake. Zikakhalabe zowala, batire lili bwino, ndipo chovuta chili pa sitata kapena pa waya wochokera ku kiyi.

Achiwiri ndiwo kuzungulira pang'onopang'ono ngati munthu wotopa. Kawirikawiri kumeneko ndi kufooka kwa batire. Batire lidzazidwa pamene injini ilikulira, ndi makina opanga magetsi, ofanana ndi dainamo ya njinga, amene azunguzidwa ndi lamba. Lambayo akakhwepa kapena kuduka, batire silidzala. Patsogolo pa woyendetsa pali kanyali kofiira ka chithunzi cha batire. Kakapanda kuzima injini italira, ndiye kuti batire silikulandira kanthu.

Achitatu ndiwo kuzungulira bwino koma osalira. Pamenepo batire ndi sitata zilibe mlandu, ndipo woyendetsa afunse petulo ndi mbaliwali.

Achinayi ndiwo kuzungulira mofulumira ndi mopepuka koposa masiku onse, ngati gudumu lopanda katundu. Kumeneko nkunena kuti mpweya sulikupanikizika, kapena chifukwa zitsulo za m'kati zatha, kapena chifukwa lamba wa m'kati woyendetsa zitseko za masilinda waduka. Nthenda imeneyi siichira ndi nsalu kapena mpeni. Mwini galimoto aleke kutembenuza kiyi, naitane makaniko. Pakuti safunsa anadya phula.

5. Chisanu ndi fumbi

Galimoto zambiri zivuta m'mawa wa Juni ndi Julayi. Zifukwa zake nzitatu. Oyilo wa m'injini alimba ndi chisanu monga uchita uchi, kotero injini ilemera kuizunguza. Batire nalonso lipereka mphamvu yochepa likazizira. Ndipo petulo wozizira sasanduka nthunzi msanga, pamene chimene chiyaka m'silinda ndi nthunzi yake. Chifukwa chake galimoto za kabureta zili ndi kachitseko kochepetsa mpweya poyamba, kuti petulo achuluke pang'ono. Injini ikafunda, kachitsekoko katsegulidwenso.

Nyengo ya dzuwa ili ndi mavuto akenso. Fumbi la m'misewu litseka sefa ya mpweya, injini nibanika ngati munthu wa chimfine. Petulo wosungidwa m'zigubu zakuda alowetsa mchenga ndi madzi m'thanki. Madzi ngolemera koposa petulo, kotero akhala pansi pa thanki, pamene payambira paipi yopita ku injini. Munthu akathira petulo wotere m'botolo loyera, nalikhazika kanthawi, aona madzi atapatuka pansi. Mankhwala ake ndiwo kukhetsa thanki ndi kusintha sefa ya petulo. Komatu asanachite zonsezi, woyendetsa ayambe waona ngati m'thanki muli petulo. Ambiri amasula injini pachabe, pamene thanki inali youma.

6. Kukankha ndi kubwereka magetsi

Kukankha kuthandiza pa nthenda imodzi yokha, ndiyo kulephera kwa chozunguza. Galimoto yosowa petulo kapena mbaliwali siilira ngakhale aikankhe mudzi wonse. Pokankha, woyendetsa atsegula kiyi, aika giya yachiwiri, aponda kilatchi, ndipo galimoto ikathamanga pang'ono, asiya kilatchi msanga, mawilo nazunguza injini. Galimoto zosintha magiya zokha sizikankhidwa motere.

Njira ina ndiyo kubwereka magetsi ku galimoto inzake ya mavoti ofanana, ndi mawaya awiri aakulu. Waya wofiira ulumikiza mutu wa kuphatikiza wa batire ili ndi mutu wa kuphatikiza wa batire linzake. Waya wakuda uchokera pa mutu wa kuchotsera wa batire lamphamvu, nugwira chitsulo cha injini yodwala, patali pang'ono ndi batire lake. Kusinthanitsa mawayawa kuwononga zinthu zamtengo wapatali.

7. Dizilo ndi galimoto zatsopano

Malole aakulu, mabasi ndi mathirakitala ambiri ayendera dizilo. Injini imeneyi itchedwa ndi dzina la Rudolf Diesel, amene anaonetsa yoyamba yogwira ntchito bwino ku Germany m'chaka cha 1897. Iyo ilibe mbaliwali. Ipanikiza mpweya kolimba kufikira utentha kwambiri, monga pampu ya njinga itentha popopa, ndipo dizilo akawazidwa m'mpweya wotenthawo ayaka yekha. Zambiri zili ndi timapulagi totenthetsa masilinda m'mawa. Woyendetsa atsegula kiyi, nadikira kuti kanyali kake kazime, asanalize injini. Thanki ya dizilo isaume konse, pakuti mpweya ukalowa m'mapaipi, injini siilira kufikira autulutse.

Galimoto za petulo zopangidwa kuyambira zaka za m'ma 1990 zambiri zilibe kabureta, ndipo zatsopano zilibenso disitiributa. Petulo awazidwa ndi timipopi, ndipo kompyuta ndiyo iyesa muyeso wake ndi nthawi ya mbaliwali. M'galimoto zotere kuponda chopondera kambiri sikuthandiza. Potsegula kiyi, woyendetsa amvetsere kulira kwa pampu ya petulo, kumene kumveka kanthawi kochepa cha kuthanki. Zikavuta, makaniko alumikiza makina ake ku kompyuta ija, nawerenga pamene pali chovuta. Koma mafuwa atatu aja sanasinthe, ndipo mitu ya batire ichita dzimbiri lero monga kale.

8. Machenjezo

Asidi wa m'batire atentha khungu, aboola zovala, ndipo akalowa m'maso achititsa khungu. Akagwera munthu, asambe msanga ndi madzi ambiri. Batire litulutsanso mpweya wophulika, kotero munthu asaunike ndi machesi kapena koloboyi pafupi nalo, kapena pafupi ndi petulo. Asayamwe petulo ndi pakamwa. Asagwire waya wa pulagi injini ilikuzungulira, ndipo manja ndi malaya zikhale kutali ndi lamba. Asalize injini m'nyumba yotseka, pakuti mu utsi wake muli mpweya wakupha wopanda fungo, womwe uja utuluka m'mbaula ya makala. Sitata isazunguzidwe kopitirira masekondi 10 nthawi imodzi. Ipumule, kuti ingapse. Ndipo ana asasewere ndi galimoto popanda mkulu woidziwa.

9. Kusamala kuposa kuchiza

Tsiku lotsatira mwini galimoto uja anapaka girizi pa mitu ya batire, namanga kadenga ka udzu kuti galimoto isagonenso pa nkhungu. Anauza mnyamata kuti, "Mlandu wa dzulo unali wanga, mwana wanga. Zoyera zija sizinamere usiku umodzi. Ndikadaziona kale, mayi uja sakadadikira." Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse awiriwo anatsegula boneti, nayang'ana oyilo, madzi, lamba, mawaya ndi sefa ya mpweya.

Mnyamata amene aphunzira kumvetsera, kuganiza, ndi kuyesa chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, waphunzira nzeru yothandiza pa njinga, pa chigayo, pa mjigo wa madzi ndi pa ntchito zina zambiri. Munthu wotere ndi chuma cha mudzi wake, pakuti tsiku lina moyo wa mnansi udzadalira kudekha kwake.

Mafunso

1. Tchulani zinthu zitatu zimene injini ya petulo ifuna kuti ilire.
2. Fotokozani maulendo anayi a pisitoni. Ulendo wopereka mphamvu ndi uti?
3. Chifukwa ninji mwini galimoto anakana kuti anthu aikankhe?
4. Kodi nyali zinamuuza chiyani?
5. Pomasula batire, waya woyamba kuchotsa ndi uti? Chifukwa ninji?
6. Nchiyani chinaletsa mbaliwali kufika ku mapulagi?
7. Kodi injini ya dizilo isiyana bwanji ndi ya petulo?
8. Lembani machenjezo anayi m'makope mwanu.